Dotolo wacinyamata ndi pepala la ku labu: momwe zotsatira za kupima zimawerengedwera m'zipatala za Lusaka

Tsiku ndi tsiku timabotolo ta magazi, mkodzo ndi makhololo timatumizidwa ku labu kucokera m'zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, ndiponso m'makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George mu mzinda wa Lusaka. Pakapita maola kapena masiku pamabwera pepala la manambala. Pambali pa manambala ena makina amalembapo H, kusonyeza kuti nambalayo yakwera, kapena L, kusonyeza kuti yatsika.

Kawirikawiri woyamba kuwerenga pepalalo, makamaka usiku ndi kumapeto kwa sabata, amakhala dotolo amene sanakhalitse pa nchito. Iye ndiye ayenera kusiyanitsa nambala yofuna cithandizo nthawi yomweyo, nambala yofuna kupimanso, ndi nambala yopanda vuto ngakhale ili ndi cizindikiro. Phunziro lalikulu pa nchitoyi ndi lakuti nambala payokha si matenda. Tanthauzo lake limadziwika pokhapokha aiyerekeza ndi munthu amene wagona pa bedi.

Kodi dotolo wacinyamata ndani?

Sukulu ya udotolo ya pa University of Zambia, ku Ridgeway, inatulutsa madotolo ake oyamba m'caka ca 1973. Lero kuli masukulu ena, monga ya Copperbelt University ku Ndola ndi Levy Mwanawasa Medical University mu Lusaka. Wotsiriza maphunziro amalembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, nayamba nchito ndi udindo wa Junior Resident Medical Officer m'cipatala covomerezedwa ndi bungwelo, monga UTH ndi Levy Mwanawasa. Kumeneko amazungulira zigawo zinayi zikuluzikulu: matenda a akulu, matenda a ana, opaleshoni, ndi za amayi ndi ubereki, moyang'aniridwa ndi madotolo akuluakulu. Akatsiriza amakhala Senior Resident Medical Officer, ndipo angatumizidwe ku cipatala ciliconse ca boma.

Kale odwala ambiri a m'makomboni ofuna dotolo anali kupita ku UTH. Pofuna kucepetsa khamu kumeneko, boma, mothandizidwa ndi dziko la Japan, linakulitsa makiliniki asanu kukhala zipatala. Za Matero ndi Chilenje zinatsegulidwa m'caka ca 2016, ndipo za Kanyama, Chawama ndi komboni ya Chipata zinatsatira pambuyo pake. Motero odwala ambiri tsopano amapimidwa ndi kugonekedwa kufupi ndi kwao, ndipo ciganizo coti wodwala akhale pompo kapena atumizidwe ku cipatala cacikulu cimadalira kwambiri mmene pepala la ku labu lawerengedwera.

Tanthauzo la H ndi L

Malire olembedwa pambali pa nambala iliyonse amapezeka popima anthu ambiri athanzi ndi kutenga pomwe anthu 95 mwa 100 alionse agwera. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa 20 athanzi amagwera kunja kwa malirewo popanda kudwala. Munthu wathanzi akapimidwa zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti cimodzi cituluke ndi H kapena L umafika pa 64 mwa 100. Ici ndico cifukwa cake nambala yongodutsa malire pang'ono, mwa munthu amene akumva bwino, nthawi zambiri imangofuna kupimanso patsogolo.

Vuto lina ndi lakuti malire ambiri a m'mabuku anacokera kwa anthu a ku Ulaya ndi ku America. Kafukufuku wofalitsidwa m'caka ca 2009, amene anapima anthu athanzi a ku Zambia, Rwanda, Uganda ndi Kenya, anapeza kuti anthu ambiri a kuno ali ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocepa kuposa malire a ku America, koma ali bwinobwino. Dotolo wosadziwa zimenezi angaopseze munthu wopanda vuto. Malo okhala nawonso ali ndi mbali yake. Lusaka ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo anthu a kumalo okwera amakhala ndi Hb yokwererako pang'ono.

Mafunso anayi asanacite kanthu

Funso loyamba ndi lakuti, kodi pepalali ndi la wodwalayu? M'wodi imodzi mungagone a Banda awiri ndi a Phiri atatu. Dzina lokha silikwanira. Nambala ya fayilo, zaka, tsiku ndi nthawi yotengera magazi ziyenera kugwirizana.

Laciwiri, kodi magaziwo anatengedwa bwino ndi kufika ku labu pa nthawi yake? Potaziyamu, mcere umene umathandiza mtima kugunda bwino, amakhala wambiri m'kati mwa maselo ofiira. Maselowo akasweka potenga magazi, kapena kabotolo kakakhalitsa kasanafike ku labu, potaziyamu amatulukira kunja ndipo makina amaonetsa nambala yokwera imene m'thupi mulibe. Cimodzimodzi zimacitika magazi akakhudzana ndi mankhwala a EDTA a m'kabotolo kowerengera maselo: potaziyamu amaoneka wokwera, kashiamu wotsika. Magazi otengedwa pa mkono umene uli ndi dripu amakhala osungunuka, ndipo ngati dripuyo ili ndi shuga, wodwala angaoneke ngati ali ndi matenda a shuga. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali, monga zinacitikira pa cilala ca 2024, kufunsa nthawi imene kabotolo kanadikira kumakhala kofunika koposa.

Lacitatu, kodi nambalayi inali bwanji kale? Kusintha kwa nambala kumauza dotolo zambiri kuposa nambala ya tsiku limodzi. Fayilo yakale, khadi la sikelo, kapena mbiri yosungidwa pa kompyuta mu SmartCare zimayankha funsoli.

Lacinayi, kodi nambalayi ikugwirizana ndi mmene wodwala akuonekera? Apa dotolo ayenera kunyamuka pa mpando, kukaona wodwala, kumva kugunda kwa mtima, kupima BP ndi kutentha kwa thupi, kuwerenga kapumidwe, ndi kufunsa ngati akukodza. Pepala ndi wodwala zikatsutsana, amapimanso, koma wodwala wooneka wodwalika sasiyidwa cabe cifukwa pepala lati zonse zili bwino.

Zotsatira zimene sizidikira m'mawa

M'caka ca 1972 dotolo wa ku America, a George Lundberg, anafalitsa ganizo lakuti pali manambala ocepa oopsa kwambiri amene a ku labu ayenera kudziwitsa dotolo nthawi yomweyo, osadikira kuti pepala lifike ku wodi. Njirayi tsopano imatsatidwa m'maiko ambiri, ndipo cipatala ciliconse cimakhala ndi mndandanda wake.

Woyamba pa mndandandawo ndi shuga wotsika. Munthu wokomoka, wosokonezeka mutu kapena wogwidwa ndi khunyu amapimidwa shuga pa cala pomwepo, pakuti shuga akatsika kufika pansi pa 3 mmol/L ubongo umayamba kuvutika, pomwe mankhwala ake ndi apafupi: shuga wa m'dripu. Vutoli limapezeka mwa ana opereweredwa zakudya m'thupi, odwala malungo aakulu, omwa mankhwala a shuga osadya, ndi omwa kacasu. Mwamuna wofika usiku akununkha mowa samuyesa woledzera cabe asanamupime shuga.

Waciwiri ndi potaziyamu. Malire ake ndi 3.5 mpaka pafupifupi 5.0 mmol/L. Akafika pa 6.5 kapena kupitirira, mtima ungaime mwadzidzidzi. Popeza nambalayi imatha kukhala yabodza, dotolo amacita ziwiri nthawi imodzi: amatumizanso magazi ena mofulumira, najambula kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG. Ngati ECG yasintha, kapena wodwala ali ndi vuto la impso, cithandizo cimayamba popanda kudikira yankho laciwiri.

Sodiyamu, amene malire ake ndi 135 mpaka 145, ali ndi cenjezo lake. Akatsika kwambiri munthu amasokonezeka kapena kukomoka, koma kumukweza mofulumira kwambiri kungaononge ubongo. Iyi ndi imodzi mwa nambala zimene dotolo wacinyamata sakonza yekha osafunsa wamkulu.

Nambala imodzi, odwala atatu

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati magazi acepa ngati Hb yatsika pansi pa 13 mwa amuna, 12 mwa akazi, ndi 11 mwa amayi apakati. Koma Hb ya 7.5 ingatanthauze zinthu zitatu zosiyana.

Mwa mwana wa matenda a sickle cell amene akusewera ndi kudya bwino, 7.5 ingakhale nambala yake ya masiku onse, ndipo kumuika magazi popanda cifukwa kungamubweretsere mavuto ena. Mwa mayi amene wabereka usiku, amene dzulo anali ndi 11, nambala yomweyo ndi cizindikiro cakuti akutaya magazi, mwina m'kati mosaoneka, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Mwa bambo amene wakhala akuonda ndi kutsokomola kwa miyezi iwiri, 7.5 ndi khomo lolowera ku mafunso ena: TB, HIV, njoka za m'mimba, zilonda za m'mimba kapena impso.

Palinso msampha wina. Munthu wongovulala kumene pa ngozi ya pamseu angakhale ndi Hb yooneka yabwino m'maola oyamba, cifukwa thupi silinayambe kusungunula magazi otsalawo. Mtima wothamanga, manja ozizira ndi BP yotsika zimanena zoona msanga kuposa pepala.

Phunziro la kolera

Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2017 unakhudza kwambiri makomboni a Chipata ndi Kanyama. Pofika mu May 2018 anthu oposa 5,900 anali atadwala m'dziko lonse ndipo 114 anamwalira, ambiri a iwo mu Lusaka. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala. Ku Kanyama nthaka ili pa miyala ya laimu imene madzi amadutsamo mosavuta, kotero kuti mvula ikaculuka zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosazama.

Pa kolera cithandizo sicidikira labu. Munthu wotsegula m'mimba madzi okhaokha amapatsidwa ORS, imene ambiri amaidziwa kuti madzi a moyo, kapena dripu ya Ringer's lactate ngati madzi atha kwambiri m'thupi. Kupima cimbudzi kumathandiza kutsimikiza kuti mliri wabuka m'dera, osati kuyamba kuthandiza wodwala.

Manambala a wodwala kolera nawonso amanyenga. Hb imaoneka yokwera cifukwa magazi auma. Creatinine, cinthu cimene impso zimacotsa m'magazi, amakwera cifukwa impso zasowa madzi, ndipo mwa ambiri amatsika madzi akabwerera. Akapitiriza kukwera, mkodzo n'kusowa, impso zavulala ndipo wodwala afunika cipatala cacikulu. Potaziyamu angaoneke wokwanira pa tsiku loyamba ngakhale thupi lataya wambiri, kenako n'kutsika dripu ikayamba kugwira nchito. Mimba yotupa ndi kufooka kwa miyendo mwa mwana amene amaoneka ngati akucira ndi cenjezo la vutoli.

HIV, TB ndi mankhwala amene wodwala akumwa

Makiliniki a boma mu Lusaka anayamba kupereka ma ARV aulere m'caka ca 2004, ndipo kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti anthu 11 mwa 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kacirombo ka HIV. Motero funso lakuti wodwala akumwa mankhwala ati silingalumphidwe.

Kuyambira 2018 odwala ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa amakweza creatinine pang'ono m'masabata oyamba, nambalayo n'kuima pomwepo, impso zili bwino. Koma tenofovir, amene ali m'piritsi lomwelo, angavulaze impso mwa anthu ena. Creatinine wopitiriza kukwera mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi puloteni mu mkodzo, afunika kufufuzidwa. Septrin nayenso amatha kukweza creatinine ndi potaziyamu. Ndipo popeza creatinine amacokera m'minofu, munthu woonda kwambiri angakhale ndi nambala yopanda H pomwe impso zake zikugwira nchito mocepa. N'cifukwa cake dotolo amawerengetsa pamodzi ndi zaka ndi kulemera kwa wodwala.

Viral load yoposa 1,000 sitanthauza msanga kuti mankhwala aleka kugwira nchito. Wodwala amayamba walandira uphungu wa kamwedwe ka mankhwala, napimidwanso pakapita miyezi itatu. CD4 yotsika pansi pa 200 imasonyeza kuti citetezo ca thupi catsika kwambiri, ndipo wodwala amapimidwa TB ndi tizirombo ta cryptococcus toyambitsa matenda oumitsa khosi, ngakhale asanadandaule mutu.

Makina a GeneXpert, amene WHO inavomereza m'caka ca 2010, amapeza TB m'makhololo pa maola ngati awiri, nasonyezanso ngati rifampicin sangagwire nchito pa tizirombo timeneto. Koma yankho lakuti TB sinapezeke silitseka nkhani, makamaka mwa ana ndi mwa odwala HIV ofooka, amene makhololo awo amakhala ndi tizirombo tocepa. X-ray ya pacifuwa, kupima mkodzo ndi LAM, ndi mbiri ya wodwala zimathandiza kumaliza ciganizo. Wodwala akayamba mankhwala a TB, mkodzo wofiirira umabwera cifukwa ca rifampicin ndipo si woopsa. Coopsa ndi maso acikasu ndi kusanza. Nambala ya ciwindi ya ALT ikakwera kasanu kuposa malire, kapena katatu pamodzi ndi zizindikirozo, mankhwala amaimitsidwa moyang'aniridwa ndi dotolo wamkulu, ndipo amafunsanso za mowa, hepatitis B ndi mankhwala acikuda.

Malungo ndi taifodi

Mu mzinda wa Lusaka malungo ndi ocepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena ku cigawo ca kum'mawa, conco dotolo amafunsa ngati wodwala anayenda ulendo posacedwa. Kacipangizo kopimira malungo pa cala kangapitirize kusonyeza mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atacira kale, cifukwa kamapeza zotsalira za tizirombo. Munthu amene anamwa Coartem masabata awiri apitawo, n'kubweranso thupi likutentha, angakhale ndi cibayo kapena matenda a m'cikhodzodzo. Kuona magazi pa maikulosikopu ndiko kumasiyanitsa. Kacipangizoko kakasonyeza kuti malungo palibe, nchito ya dotolo ndi kufufuza cina cimene cikutenthetsa thupi.

Kupima taifodi kwa Widal, kumene kunayamba m'caka ca 1896, kumasonyeza matendawa mwa anthu ambiri amene alibe. Njira yodalirika ndi kumeretsa tizirombo ta m'magazi ku labu, ndipo magaziwo ayenera kutengedwa wodwala asanayambe maantibayotiki.

Amayi apakati

Pa nthawi ya pakati madzi a m'magazi amaculuka ndipo impso zimagwira nchito kwambiri, conco Hb ndi creatinine zimatsika mwacibadwa. Creatinine amene ali bwino kwa munthu wina angakhale cenjezo kwa mayi wapakati. BP ya 140/90 kapena kupitirira pambuyo pa masabata 20, pamodzi ndi puloteni mu mkodzo, imasonyeza matenda a pre-eclampsia. Mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pansi pa nthiti, maselo oundanitsa magazi otsika pansi pa 100 ndi ALT yokwera zimasonyeza kuti moyo wa mayi ndi wa mwana uli pangozi. Mayi wotere amapatsidwa magnesium sulphate woletsa khunyu ndi mankhwala otsitsa BP, ndipo wofuna cisamaliro capadera amatumizidwa ku zipatala monga Women and Newborn Hospital ya ku UTH.

Kuitana wamkulu

Akulu anati safunsa anadya phula. Dotolo wacinyamata sayembekezeka kudziwa zonse, koma ayenera kudziwa nthawi yoitana wamkulu, ngakhale pakati pa usiku. Poimba foni amachula dzina ndi zaka za wodwala, cimene anabwerera, nambala yodetsa nkhawa ndi mmene inalili kale, mmene wodwala alili tsopano, zimene zacitidwa kale, ndi cithandizo cimene akupempha. Zonsezi amalemba m'fayilo pamodzi ndi nthawi.

Amene watumiza magazi ku labu ndiye ali ndi udindo wolondola yankho lake. Nthawi yake yoweruka ikakwana yankho lisanabwere, amauza womulowa m'malo momveka bwino kuti kuli yankho lakuti likuyembekezeka ndi coyenera kucita likafika. Potumiza wodwala ku cipatala cina, zotsatira zonse zimalembedwa pa kalata yotumizira, kuti olandira asayambenso pa ciyambi. Anamwino, ma clinical officer ndi akatswiri a ku labu amene akhalitsa pa nchito amaona msanga nambala yosamveka, ndipo dotolo wanzeru amamva mawu awo.

Mbali ya wodwala ndi acibale

Wodwala angathandize kuti pepala lake liwerengedwe bwino. Ayenera kunyamula makhadi ndi mapepala akale popita ku cipatala, kuonetsa mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ogula yekha ndi acikuda, kunena zoona za mowa, ndi kudziwitsa dotolo ngati ali ndi pakati kapena anayenda ulendo. Akauzidwa kubwera asanadye kuti apimidwe shuga, atsatire, pakuti nambala ya 7.0 mmol/L imene imasonyeza matenda a shuga ndi ya munthu amene sanadye, ndipo kawirikawiri imatsimikizidwa popimanso tsiku lina.

Wodwala ali ndi ufulu wofunsa cimene capimidwa, cimene capezeka ndi tsiku lobwereranso. Kupemphedwa kutengedwanso magazi si cizindikiro cakuti dotolo sadziwa nchito. Nthawi zambiri ndi njira yotsimikizira asanapereke mankhwala amphamvu. Ndipo amene anapimidwa koma sanamve yankho asaganize kuti zonse zili bwino. Abwerere ku cipatala kapena ku kiliniki kumene anapimidwa, ndi khadi lake m'manja, akafunse.